Alipo amene angakutchuleni dzina inu kulibe? Mmene mungadziwanirane ndi anthu pa ntchito

Foni imalira masana munthu uli pakati pa ntchito, ndipo woimbayo ndi mnzako amene munaphunzira naye kalekale. Moni wake ndi wachidule. "Achemwali, wa payroll wathu wasiya ntchito ndipo mwezi ukutha. Mulibe mwana wina wake wodziwa zinthu?" Mafoni otere ndimalandira, nanenso ndimaimbira ena. Nthawi zina ndi ntchito yokhazikika, nthawi zina ndi ya miyezi 3 yokha, koma ya miyezi 3 yomweyo ndi imene imadzasanduka ya zaka 10. Pa nthawi imeneyo sinditsegula mulu wa ma CV. Ndimangodzifunsa kuti ndani amene ndinamuonapo ndi maso anga akugwira bwino ntchito yotere. Mayina awiri kapena atatu amabwera okha. Amene anandikankhira ma CV awo m'manja pa ukwati wa mnzathu sabwera m'mutu n'komwe.

Nkhani yonse ya kudziwana ndi anthu pa ntchito yagona pamenepa. Kukhala ndi manambala a mabwana 200 m'foni sikuthandiza ngati pakati pawo palibe amene angakutchuleni dzina inu kulibe, n'kunena molimba mtima kuti ntchito yakutiyakuti mumaitha. Ine ndine akauntanti, ndagwira ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe, choncho zitsanzo zanga zichokera kumeneko. Namwino, injiniya kapena mphunzitsi angosintha mayina a mabungwe.

Yambani mwasankha kolowera

Achinyamata ambiri akabwera kwa ine amati, "Madam, ntchito ina iliyonse, bola ikhale ntchito." Ndimawamvetsa, lendi sidikira munthu. Koma mawu amenewa amandimanga manja. Munthu wa "ina iliyonse" sindidziwa poti ndimuike, ndiye sindimukumbukira pena paliponse.

Taonani ntchito yathu yokhayi mmene yagawikira. Pali njira ya makampani a audit, ofufuza mabuku a ndalama a makampani ena, pomwe umayamba ndi kunyamula mafayilo a makasitomala n'kumalemba usiku mayeso a uakauntanti a ICAM kapena ACCA. Pali ya mabanki. Pali ya mabungwe omwe si aboma, komwe chofunika kwambiri ndi kudziwa malamulo a ma donor ndi kulemba malipoti awo pa nthawi yake. Pali ya misonkho, pali ya boma. Njira iliyonse ili ndi anthu ake, misonkhano yake, ngakhale mzinda wake: msika wa masheya ndi makampani ambiri akuluakulu ali ku Blantyre, pomwe maunduna, maofesi a akazembe ndi mabungwe ambiri othandiza ali ku Lilongwe. Mukafuna za ma donor koma anthu onse amene mumacheza nawo ndi a m'mafakitale a ku Makata, mukugogoda pa khomo lolakwika.

Tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi chonena komwe mukufuna kukhala zaka 3 zikubwerazi. Mwachitsanzo: "Ndikufuna ndikhale woyang'anira ndalama za pulojekiti m'bungwe la zaumoyo." Kenako kwa miyezi iwiri muzidula zotsatsa ntchito zotere m'nyuzipepala ya The Nation ndi The Daily Times, ngakhale simukufunsira. Mudzaona zinthu zimene zikubwerezabwereza, mwina pulogalamu inayake ya pakompyuta, mwina zaka zakutizakuti pa ntchito ya ma donor, mwina umembala wa bungwe la akatswiri. Zimene mulibe pa mndandandawo ndi zimene zikuuzeni anthu oti muwafunefune. Chiganizocho mutha kudzachisintha chaka chamawa, palibe amene adzakuimbeni mlandu.

Lembani mayina

Pa pepala lomwelo lembani mayina a anthu, osati maudindo. "Wina wa ku banki" si dzina.

Oyamba ndi amene anaonapo kale ntchito yanu: bwana wanu wakale, amene ankakuyang'anirani pa internship, mphunzitsi amene anakuthandizani pa kafukufuku wa chaka chomaliza, kasitomala amene munamukonzera mabuku. Amenewa ndi chuma chanu chenicheni, ndipo n'zodabwitsa kuti ndi amene achinyamata amawataya msanga. Aphunzitsi a ku koleji makamaka. Makampani amawaimbira kufunsa ophunzira abwino, ndipo mphunzitsi amatchula amene akumukumbukira. Ngati chichokereni ku Chanco, ku Bunda, ku Mzuni kapena ku Poly, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, simunamulemberepo ngakhale moni, musadabwe akatchula wina.

Achiwiri ndi amene ali patsogolo panu pang'ono, zaka 3 kapena 5. Anthu amathamangira mabwana akuluakulu, koma mkulu wa kampani sadziwa kuti ofisala wa ku accounts akuchoka mwezi wamawa. Amene amadziwa ndi amene amakhala naye desiki yoyandikana. Komanso anthu a msinkhu umenewu amakumbukira bwino mafunso amene anafunsidwa pa intaviyu, amadziwa malipiro enieni a udindo umene mukufuna, ndipo amayankha mameseji.

Achitatu ndi anthu a ntchito zina amene simuonana nawo kawirikawiri. Apa ndiimapo pang'ono, chifukwa ife Amalawi timakonda kudalira amalume. Mu 1973 katswiri wa ku America wa za kakhalidwe ka anthu, Mark Granovetter, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu a m'tauni ya Newton, kufupi ndi Boston, za mmene anapezera ntchito. Mwa amene anaipeza kudzera mwa munthu, ambiri anathandizidwa ndi munthu amene ankaonana naye mwa apo ndi apo, osati mnzawo wapamtima. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Anzanu a tsiku ndi tsiku amamva zimene inu mwamva kale, ali m'magulu a WhatsApp omwewo, amakwera minibasi zomwezo. Nkhani yatsopano imabwera ndi munthu amene amayenda kwina. Mu 2022 kafukufuku wina wa anthu oposa 20 miliyoni a pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lolumikiza anthu pa za ntchito, anapezanso zofanana: anthu odziwana nawo pang'ono ndi amene amatsegula makomo ambiri a ntchito kuposa anzako enieni. Amalume amadziwa ofesi imodzi kapena ziwiri. Mnzanu wa ku sekondale amene tsopano ali ku za procurement ku Mzuzu amadziwa zina zimene banja lanu lonse silinamvepo.

Mayina 15 kapena 20 ndi okwanira. Oposa pamenepo simungathe kuwasamala.

Kumene anthuwo amapezeka

Pafupifupi ntchito iliyonse m'dziko muno ili ndi bungwe lake. Ife tili ndi ICAM, imene inabwera ndi lamulo la 2013 n'kutenga ntchito za mabungwe akale a SOCAM ndi PAEC. Maloya ali ndi Malawi Law Society, a zachuma ali ndi ECAMA, oona za antchito ali ndi IPMM, ogula katundu ali ndi MIPS, a zamakompyuta ali ndi ICTAM. Ambiri mwa mabungwewa amachita msonkhano waukulu wa pachaka kunyanja ku Mangochi, ndipo wachinyamata aliyense amalota kupitako. Ndikuuzeni zoona: kunyanja n'kodula, makampani amatumiza mabwana, ndipo mabwanawo akafika amacheza okhaokha. Mukapeza mwayi pitani, koma musadandaule mukapanda kupita.

Phindu lenileni lili m'timisonkhano ting'onoting'ono ta theka la tsiku. Bajeti ikangoperekedwa ku Nyumba ya Malamulo kumakhala maphunziro ofotokoza zimene zasintha pa misonkho. Muyezo watsopano wa kalembedwe ka malipoti ukatuluka kumakhalanso maphunziro. Anthu amabwera chifukwa akufuna maola a CPD, maphunziro oonjezera amene bungwe lawo limafuna kwa mamembala ake, chipinda chimakhala chaching'ono, ndipo nthawi ya tiyi aliyense amaima pa mzere umodzi.

Koma ngati pa zonse zimene ndalemba muno mutengapo chimodzi, tengani ichi: lowani komiti. Mabungwe onsewa amayenda ndi anthu odzipereka, ndipo nthawi zonse manja amachepa. Pamafunika wolemba maminitsi, wokhala pa tebulo lolembetsa mayina, wotumiza makalata okumbutsa, wowerengera ndalama za mwambo. Ntchito zimenezi anthu amazithawa chifukwa zilibe malipiro ndipo n'zotopetsa. Inu zitengeni. Amene wakhala pa tebulo lolembetsa mayina amagwirana chanza ndi aliyense wolowa, amaona dzina, nkhope ndi kampani yake nthawi imodzi. Amene amalemba maminitsi n'kuwatumiza mawa lake m'mawa, olembedwa bwino, opanda zolakwika, wachita intaviyu pamaso pa mabwana 8 iwo osadziwa. Pakatha chaka anthu amenewa amakhala atakuonani mukusunga nthawi, mukusunga ndalama za gulu, mukukumbutsa wamkulu mwaulemu zimene analonjeza. CV singanene zimenezi.

Zomwezi zimachitika kunja kwa mabungwe a akatswiri. Msungichuma wa komiti yomanga tchalitchi amene amapereka lipoti lomveka bwino Lamlungu lililonse loyamba la mwezi akuonedwa ndi mpingo wonse, ndipo mumpingomo muli eni makampani. Chimodzimodzi wosunga mabuku a banki m'khonde ya amayi a pamalo, kapena mlembi wa gulu la ophunzira akale a sukulu yanu. Ku makalabu ngati Rotary, Lions ndi Toastmasters n'chimodzimodzinso, kungoti kumeneko kuli ndalama za umembala zofunika kuziwerengera kaye.

Chionetsero cha zamalonda chimene MCCCI, bungwe la eni mabizinesi, imachititsa ku Chichiri n'chabwino kwa amene akufuna kudziwa makampani amene alipo. Pitani pakati pa sabata m'mawa, anthu asanadzaze, pomwe oimirira pa ma stand ali ndi mpata woyankhula. A zamakompyuta ndi mabizinesi atsopano ali ndi malo ngati mHub ku Lilongwe, amene Rachel Sibande anayambitsa mu 2013.

Nanga maliro ndi maukwati? Tonse tikudziwa kuti kumeneko n'kumene Malawi yense amakumana. Pitani, khalani nawo, thandizani kunyamula mipando. Anthu saiwala amene anabwera pa maliro a mayi awo. Koma nkhani ya ntchito isiyeni kunyumba. Munthu amene amakunong'oneza za ntchito uli pa siwa umamukumbukira ndithu, koma si pa zabwino.

Kwa amanyazi: fikani msanga. Chipinda chikakhala ndi anthu 5 moni savuta, chikadzaza ndi 80 aliyense ali kale m'kagulu kake. Konzekerani funso limodzi lenileni lokhudza mutu wa tsikulo, mulifunse mwachidule mutatchula dzina lanu ndi komwe mukugwira. Mukacheza bwino ndi anthu awiri okha, tsikulo lapindula.

Meseji yoyamba

M'foni mwanga muli mameseji ambiri ongoti "Hi" basi, ena "Hi madam", kenako zii, kudikira kuti ine ndifunse kuti ndinu ndani. Ena amaflasha. Ena amatumiza CV popanda mawu alionse, 11 koloko usiku. Sindiyankha, osati chifukwa cha mwano, koma chifukwa sindidziwa choyankha.

Meseji yabwino imanena zinthu zinayi m'mizere yochepa: ndinu ndani, tinakumana kuti kapena wakupatsani nambala ndani, mukufuna chiyani, ndipo chitenga nthawi yaitali bwanji. Kaya mulemba m'Chingerezi kaya m'Chichewa, ikhale yonga iyi:

"Mwadzuka bwanji mayi. Ndine uje, ndinali nawo pa maphunziro a za misonkho Lachinayi lija, ndine ndinafunsa za withholding tax ya ma consultant akunja. Ndili chaka chachiwiri ku kampani ya audit ndipo ndikufuna kudzalowa za ndalama m'mabungwe a zaumoyo. Mutandipatsako mphindi 15 sabata yamawa, pa foni kapena ku ofesi kwanu, ndili ndi mafunso awiri okha. Ngati nthawi palibe ndimvetsa."

Onani kuti simunapemphe ntchito. Ntchito ndi chinthu chachikulu, ndipo kawirikawiri munthuyo alibe. Mukamupempha chimene alibe amachita manyazi, ndipo munthu wamanyazi amayamba kukuzembani. Nzeru ali nazo, ndipo palibe wamkulu amene sakonda kufunsidwa nzeru.

Ngati nambala mwaitenga kwa wina, mupempheni ameneyo ayambe iye kukudziwitsani. Meseji imodzi yochokera kwa munthu amene ndimamudziwa, yoti "mwana uyu akuimbirani, ndi wabwino", imasintha zonse.

Nthawi nayo iwerengereni. Akauntanti musamufune kumapeto kwa mwezi. Wa ku kampani ya audit musamufune kuyambira January mpaka March, chifukwa makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 December ndipo miyezi imeneyo sagona. Wa m'boma amapanikizika chakumapeto kwa March, popeza chaka cha boma cha ndalama tsopano chimayamba pa 1 April. Ntchito iliyonse ili ndi nyengo zake zotere, zifufuzeni. Mukalemba osayankhidwa, dikirani masabata awiri mukumbutse kamodzi mwaulemu. Kukakhalabe chete, pitani pa dzina lotsatira, ndipo mukadzakumana naye mumupatse moni ngati palibe chinachitika.

Akakupatsani mphindi 15 zija, fikani nthawi isanakwane, mutawerenga kale za bungwe lake. Musafunse zimene zili pa intaneti. Mafunso amene ndimaona kuti amatsegula munthu pakamwa ndi onga awa: "Mukanakhala pamene ndili inepa, mukanayamba kuphunzira chiyani?" kapena "Anthu amene mumawalemba ntchito n'kulephera, kawirikawiri amalephera pati?" Mphindi 15 zikakwana, nenani nokha kuti nthawi yatha. Akafuna kupitiriza anena okha. Musanatuluke funsani kuti, "Alipo wina amene mukuona kuti ndingachezenso naye?" Funso limeneli ndi limene limakulitsa mndandanda wanu popanda kugogoda pa makomo achilendo. Ndipo ngati mwakumana pa malo odyera inu ndi amene munaitana, tulutsani chikwama polipira tiyi. Wamkuluyo mwina akana, koma aona.

Muli nacho chopereka

"Ine ndingawapatse chiyani abwana ngati amenewa?" Zambiri. Wachinyamata amene amadziwa bwino Excel angapulumutse sabata yathunthu ya munthu wa msinkhu wanga. Amene wawerenga zosintha pa misonkho n'kuzilemba pa tsamba limodzi m'mawu omveka ali ndi chinthu chimene anthu 20 angakonde kulandira, ndipo tsambalo limayenda ndi dzina lake. Amene anakulira ku Nsanje kapena ku Chitipa amadziwa zinthu zimene bungwe lotsegula pulojekiti kumeneko likuzifuna: msewu uti umaduka nthawi ya mvula, netiweki imagwira pati. Mukaona ntchito yotsatsidwa imene si yanu koma ikuyenera mnzanu, mutumizireni. Mukadziwa anthu awiri amene angathandizane, afunseni onse kaye, kenako muwalumikize.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Chokhacho, musamapereke lero n'kubwera ndi pempho mawa, anthu amazindikira msanga. Ndipo musagawe zinsinsi za ku ntchito kwanu pofuna kuoneka odziwa zinthu. Amene wakuuza za malipiro a bwana wake adzauzanso ena za ako, ndipo pa ntchito yathu ino munthu wotere amathera pomwepo.

Musazimitse moto

Gawo ili ndi limene ambiri amagwerapo. Kukumana n'kosavuta, kusunga ubale ndiye ntchito. Munthu amene amaonekera zikavuta zokha ali ngati mnansi amene amabwera kudzapala moto basi, mukamva kugogoda mumadziwiratu.

Khalani ndi kabuku, kapena tsamba m'foni, momwe mukulemba dzina, komwe munakumana, zimene anakuuzani ndi zimene inu munalonjeza. Mukakumana ndi munthu, tsiku lomwelo kapena mawa lake tumizani mawu othokoza otchula chinthu chimodzi chimene ananena. Kenako kawiri kapena katatu pa chaka mupezeni ndi chifukwa chenicheni: wakwezedwa pa udindo, bungwe lake latuluka m'nyuzipepala, mwapeza nkhani yokhudza zimene munakambirana. Zithunzi za maluwa za "good morning" tsiku ndi tsiku si kusunga ubale, ndi kutha bandulo ya eni ake.

Meseji imene imandisangalatsa kuposa zonse ndi yobweza lipoti. "Mayi, munandiuza kuti ndiphunzire kalembedwe ka malipoti a ma donor. Ndapempha bwana wanga kuti ndizithandiza pa audit ya bungwe lina, ndayamba mwezi uno." Munthu wotere wandionetsa kuti nthawi yanga sinapite pachabe, ndipo wandiuza komwe wafika popanda kupempha kanthu. N'zochepa kwambiri zimene zimabwera zotere. Mwa achinyamata amene ndacheza nawo, obweza lipoti ndingawawerenge pa zala, ndipo ndi omwewo amene ndimawatsatira mpaka lero.

Za LinkedIn ndinena mwachidule. Ikani chithunzi chooneka bwino, lembani zimene mumachita m'mawu omveka, ndipo popempha kulumikizana ndi munthu onjezani mzere wonena komwe mukumudziwira. Phindu lake lalikulu ndi loti limakusungirani anthu amene asamuka, anzanu amene ali ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Britain. Amenewa ndi amene amayamba kumva za ntchito zogwirira kunyumba ndi za maphunziro akunja. Mukadzafunsira Chevening, thandizo la boma la Britain lokaphunzirira kumeneko, mudzapeza kuti limodzi mwa mafunso awo likufuna mufotokoze mmene mumamangira ubale ndi anthu pa ntchito, ndi zitsanzo zenizeni, ndipo amene analowapo komiti savutika kuyankha.

Pa ntchito pomwe mulipo

Ena amathamanga m'misonkhano ya kunja kuiwala kuti kukwezedwa kumakambidwa m'nyumba momwemo. Dziwanani ndi a nthambi zina. Wa ku accounts amene amayenda kupita ku stores kukaona yekha mmene katundu amalandiridwira, m'malo mongotumiza imelo yokalipa, amadziwika kampani yonse. Pakabwera ntchito yofuna anthu a nthambi zosiyanasiyana, monga kusintha pulogalamu ya pakompyuta kapena kuwerenga katundu kumapeto kwa chaka, dziperekeni. Kumeneko n'komwe bwana wa bwana wanu amakuonerani.

Muuzeni bwana wanu komwe mukufuna kulowera. Ambiri timaopa kuti aganiza kuti tikufuna mpando wake, ndiye timakhala chete n'kumayembekeza kuti aona okha. Saona, ali ndi zawo. Nenani pa nthawi yokambirana za kagwiridwe kanu ka ntchito, ndipo mupemphe ntchito imodzi yokuyandikitsani komweko.

Asekilitale, madalaivala, amesenjala ndi alonda apatseni ulemu weniweni, osati wofuna kanthu. Dalaivala amakhala ndi bwana maola 4 kapena 5 pa msewu wa Blantyre kupita ku Lilongwe, ndipo m'galimoto mumakambidwa zambiri. Sekilitale ndi amene amasankha ngati meseji yanu ifike lero kapena sabata yamawa.

Pochoka pa ntchito, chokani bwino. Perekani notisi yokwanira, lembani zonse zimene wolowa m'malo mwanu afunika kudziwa, bwezani kiyi ndi laputopu, tsanzikani ngakhale kwa amene munkakangana naye. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo gulu la anthu a ntchito imodzi ndi laling'ono koposa. Amene mwamusiyira mafayilo osokonekera lero mudzamupeza atakhala kutsogolo kwanu pa intaviyu zaka 6 zikubwerazi.

Pamene pali malire

Wina anena kuti zonsezi ndi "ma connection" omwe aja amene akuwononga dziko. Kusiyana kulipo, ndipo n'koonekeratu. Munthu akakuuzani kuti ntchito yatsatsidwa, akakulangizani mmene mungakonzekere, akachitira umboni zimene anakuonani mukuchita, palibe cholakwika. Akakupatsani mafunso a intaviyu, akachotsa dzina la wina pa mndandanda kuti lanu lilowe, akapempha kangachepe, amenewo ndi katangale, ndipo lamulo la 1995 limene linakhazikitsa ACB limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Ngati amene amakudziwani bwino ali m'gulu lofunsa mafunso, ayenera kuulula kwa anzake. Inu musamuimbire usiku wa intaviyu, mukumuika pa moto. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina la bwana weniweni.

Za kudalira anthu akwanu okha, a chigawo chimodzi kapena mtundu umodzi, ndingoti zimakufikitsani pomwe wakwanuyo wafika, ndipo iye akachoka nanunso mumagwedezeka. Yang'anani mndandanda wanu uja. Ngati onse ndi a boma limodzi kapena mpingo umodzi, ukulitseni.

Kwa atsikana ndi amayi anzanga, pali china chimene amuna sachiganizira. Mukapempha nzeru kwa bambo wamkulu, ena amamva zina. Inu ndi amene musankhe malo ndi nthawi: ku ofesi kwake masana, kapena pa foni. Akanena kuti mukumane ku lodge madzulo "kuti tikambirane bwino", yankhani mwaulemu kuti masana ndi amene mungathe, ndipo akaumirira mufufuteni pa mndandanda, palibe ntchito kumeneko. Mameseji osayenera asungeni. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere. Funaninso amayi amene ali patsogolo panu. Alipo ambiri m'mabungwe onse ndatchula aja, ndipo amadziwa kuti ndi bambo uti wothandiza moona, ndi uti woti muzimupatsira moni patali.

Ma referee

Pomaliza, mayina atatu aja a pansi pa CV. Musalembe munthu musanamupemphe, ndipo pomupempha funsani mosabisa ngati angakuchitireni umboni wabwino. Akazengereza, ameneyo wakana, funani wina. Sankhani amene anakuyang'aniranipo pa ntchito, osati amene ali ndi udindo waukulu. Abusa kapena a phungu amene sanakuoneniko mukugwira ntchito akafunsidwa kuti mumatha bwanji kutseka mabuku a mwezi, amangoti ndinu mwana wa makhalidwe abwino, ndipo wofunsayo amalemba kuti sanapeze yankho.

Mukaitanidwa ku intaviyu, atumizireni ma referee anu chotsatsa ntchitocho ndi CV yanu yatsopano, muwauze kuti mwina aimbiridwa sabata yakuti, ndiponso muwakumbutse ntchito imodzi kapena ziwiri zimene munagwira limodzi zogwirizana ndi udindowo. Onetsetsani kuti nambala ndi imelo zimene mwalemba zikugwirabe, chifukwa anthu amasintha ntchito ndipo imelo ya ku ofesi yakale imafa. Zotsatira zikatuluka auzeni, kaya mwapambana kaya ayi. Ngati simunapambane, auzeninso mafunso amene anakuvutani, chifukwa mmodzi mwa iwo akhoza kukhala nanu pansi kukonzekera intaviyu yotsatira.